Mwana Akaphonya pa Mphindi Yotsiriza

Awerengi athu ambiri a kumidzi ali ndi ana amene anapita ku Lusaka kukaphunzira kapena kukakhala ndi acibale. Ena mwa ana amenewa akabwera kumudzi pa holide amasimba za mpira wa basketball umene amasewera madzulo pa mabwalo a simenti a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga. Lero tifuna kukambapo za mpira umenewu, makamaka za cimene cimacitikira mwana waluso pamene nthawi iri pafupi kutha ndipo maso onse ali pa iye.

Kwa amene sanauonepo, uwu ndi mpira wa m'manja umene anauyambitsa James Naismith ku America mu 1891. Timu iriyonse imakhala ndi anthu asanu m'bwalo, ndipo amalimbirana kuponya mpira mu mkombero wa citsulo umene uli mamita 3.05 kucokera pansi. Masewera ali ndi zigawo zinai, ciriconse ca mphindi 10, ndipo timu ikagwira mpira iyenera kuponya asanathe masekondi 24. Wosewera akalakwiridwa pamene ali kuponya amaima pa mzere naponyanso popanda womchinga, monga momwe icitikira penate mu mpira wa miyendo. Popeza mapointi amabwera pafupipafupi, matimu awiri angathe kufika kumapeto atasiyana ndi pointi imodzi cabe. Apa m'pamene mtima wa mwana umayesedwa.

Cimene cimacitika m'thupi pa nthawi yotere si cacilendo ai. Mtima umagunda msanga, mpweya umacepa, manja amauma, ndipo miyendo yotopa siimkankhanso bwino munthu m'mwamba, kotero kuti mpira umagwa usanafike pa mkombero. Coipa koposa n'cakuti mwana amayamba kuganizira za dzanja lake, pamene masiku onse amaponya osaganiza. Mkamwana amene amasenza mtsuko tsiku ndi tsiku akhoza kuugwetsa tsiku limene apongozi ali kumuyang'ana.

Ena amati kulimba mtima pa mphindi yotsiriza n'cobadwa naco. Enanso amanong'ona kuti ndi mankhwala a kwa sing'anga. Ife tikana zonse ziwiri. Tiri kunena kuti kudekha kumaphunziridwa, ndiponso kuti mwana amene waphonya lero sanathe nchito.

Mbiri ya masewera itiikira umboni. Pa masewera a Olympic a ku Munich mu 1972, Doug Collins wa ku America, mnyamata wa zaka 21, anagwetsedwa kolimba kutatsala masekondi atatu. Anadzuka, naima pa mzere, nalowetsa mipira yonse iwiri. Koma pambuyo pa mkangano wa nthawi, Alexander Belov wa ku Soviet Union, wa zaka 20, analowetsa mpira wotsiriza, ndipo timu yake inapambana 51 kwa 50. Mu 1982 Michael Jordan, ali ndi zaka 19, anaponya mpira umene unapatsa North Carolina cikho ca mayunivesite a ku America, 63 kwa 62.

Koma tisaiwale Chris Webber. Mu 1993, pa masewera otsiriza a cikho comweco, mnyamatayu wa zaka 20 anasokonezeka kutatsala masekondi 11. Anapempha kuti masewera aimitsidwe pang'ono, pamene mwai wotero unali utatha kale ku timu yake ya Michigan. Timu inalangidwa, nigonja 77 kwa 71, anthu miyandamiyanda ali kuona. Caka comweco iye anasankhidwa kukhala woyamba pakati pa acinyamata olowa mu ligi ya NBA, ndipo mu 2021 dzina lake linalembedwa pakati pa akatswiri olemekezeka a mpira umenewu. Akanatayidwa cifukwa ca masekondi 11, dziko likanataya katswiri.

Ife a Zambia sitifunika kupita kutali kuti timvetse zimenezi. Pa 12 February 2012 ku Libreville, Didier Drogba, munthu wodziwika dziko lonse lapansi, anaphonya penate. Pa mapenate otsiriza Rainford Kalaba wathu anaphonyanso, koma anzake sanataye mtima. Anapitiriza kuimba pakati pa bwalo kufikira Stoppila Sunzu, wa zaka 22, anagoletsa, ndipo Chipolopolo inatenga cikho ca Africa 8 kwa 7. Wamkulu anaphonya, wamng'ono anagoletsa. Mwana amene adziwa kuti anzake ali naye ngakhale aphonye, dzanja lake silinjenjemera kwambiri.

Nkhani iyi iri ndi kanthu kwa ife cifukwa basketball ya mu Lusaka siirinso ya pa sukulu pokha. Mu 2010 munatsegulidwa Olympic Youth Development Centre, kumene acinyamata amaphunzira masewera osiyanasiyana. UNZA Pacers mu 2019 ndi Matero Magic mu 2021 anaimira dziko lathu pa mipikisano yosankha matimu olowa mu Basketball Africa League. Pa mipikisano yotere timu siipambana ndi luso lokha. Ifunikanso anthu amene mutu wao umakhala m'malo pamene wochi iri kutha, ndipo anthu otere amaumbidwa akali ana pa mabwalo a m'makomboni ndi a m'masukulu.

Cotero tipempha aphunzitsi a matimu kuti aphunzitse mphindi yotsiriza monga momwe amaphunzitsira kuthamanga ndi kuponya. Ana aponye mipira ya pa mzere atatopa, osati akali ndi mphamvu cabe. Mwana aliyense akhale ndi kacitidwe kamodzi kosasintha asanaponye, monga kupuma mpweya kamodzi ndi kugunda mpira pansi katatu, kuti thupi licite zimene linazolowera. Pokonzekera, mphunzitsi aike wochi pa masekondi 10, auze ana kuti atsalira ndi pointi imodzi, ndipo abwereze zimenezi kufikira mantha atacepa. Pa masewera ang'onoang'ono mpira wotsiriza upatsidwenso kwa wamng'ono, osati kwa katswiri mmodzi yemweyo nthawi zonse. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma palibe amene amadekha pa cinthu cimene ali kuciona koyamba.

Tipemphanso oonerera ndi makolo. Si bwino kukuwiza mwana wa zaka 15 amene waphonya, kapena kumpatsa dzina lacipongwe limene lidzamtsata kusukulu. Mwana wotere amayamba kuthawa mpira, kuupereka kwa mnzake msangamsanga kuti mlandu usakhale wake, ndipo potsiriza amasiyiratu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwana akabwera kunyumba nkhope iri pansi, mpatseni nsima, mumfunse cimene waphunzirapo, ndipo mawa abwererenso kubwalo.

Inu a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, mau awa ndi anunso, ngakhale pa sukulu yanu palibe bwalo la simenti. Mwana woponya mpira wa netball, womenya penate, kapena wolemba mayeso a Giredi 12 amamva kugunda kwa mtima komweko. Amene anazolowera kuima pa mzere anthu ali kufuula, nadziwa kuti kuphonya sikumcotsa pakati pa anzake, adzaimanso bwino pa bwalo la milandu, pa msonkhano wa mudzi ndi pa nchito. Ana otere ndiwo amene dziko liwafuna, ndipo kuwalera ndi udindo wa ife akulu.