Galu wa pamsika ndi mmbulu wa kuthengo

Pamsika uliwonse wa m'chigawo chino, kaya ndi ku Limbe, ku Chipata kapena ku Ulongwe, sipalephera kupezeka agalu owonda ozungulira pamalo ogulitsira nyama. Anthu amati ndi agalu opanda mwini. Komatu ambiri mwa iwo ali ndi khomo limene amakagonako usiku. Mwini alipo, kungoti anasiya kuwadyetsa ndi kuwabayitsa katemera. Mlandu wagona pamenepo, ndipo zotsatira zake sizithera pamsika.

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu, ndipo ambiri ndi ana. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, chipatala chilibenso chochita.

Palinso wina amene amafa ndi nthenda yomweyi popanda womulira maliro: mmbulu, nyama yamawangamawanga ndi yamakutu aakulu ija imene imasaka m'gulu. Mu Africa yense mwatsala mimbulu ikuluikulu pafupifupi 6,600 yokha. Chikondano chake ndicho chimaipachika. Mimbulu imalonjerana ponyambitana kukamwa, ndipo yobwera kosaka imalavulira nyama ana ndi odwala. Choncho umodzi ukalumidwa ndi galu wachiwewe, gulu lonse likhoza kutha. Kunkhalango ya Serengeti ku Tanzania mimbulu inazimirira cha m'ma 1991, chiwewe chitapezeka m'magulu ena a kumeneko.

M'chaka cha 2021, mimbulu 14 yochokera ku South Africa ndi ku Mozambique inatulidwa ku Liwonde ndi ku Majete, patapita zaka zambiri Malawi alibe gulu lokhazikika. Ina ikadali ku Luangwa, ku Niassa ndi ku Hwange. Nkhalango zonsezi zazunguliridwa ndi midzi, ndipo m'midzimo muli agalu. Mpanda wawaya umabweza njovu, koma galu wotsatira mbuye wake kokatchera misampha amangodutsa kunsi kwake.

Ena amati mankhwala ake ndi mfuti kapena chiphe. Mkwiyo wa kholo limene mwana wake walumidwa ndi womveka, koma njirayi siithetsa kanthu. Agalu akaphedwa, ena osabayidwa amadzaza malo awo posakhalitsa, ndipo nyama yothiridwa chiphe imaphanso afisi ndi miimba. Chimene chimadula nthendayi ndi katemera: agalu 70 mwa 100 aliwonse akamabayidwa chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podutsa. Ku Blantyre ntchito yotereyi inayamba mu 2015 mothandizidwa ndi bungwe la Mission Rabies, ndipo ana ofika kuchipatala cha Queen Elizabeth ndi chiwewe anachepa kwambiri.

Tsono udindo uli poyera. Mwini galu ambayitse ndi kumufulitsa, osadikira tsiku lokumbukira chiwewe la pa 28 Seputembala. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Mafumu a m'malire, monga a ku Mchinji ndi ku Chipata, agwirizane masiku a katemera, pakuti galu saonetsa chiphaso pachipata.

Ana ambiri lero amamva mawu akuti mmbulu kutchalitchi kokha, powerenga za nkhosa ndi mbusa. Nyamayo ikadatha, mawuwo akadatsala ngati chikwa chopanda kanthu. Koma ikadalipo, ndipo jakisoni yemweyo amene amateteza mwana wopita kusukulu ndi amenenso angaisunge.