WENZULO WA M'KOMBONI SUYENERA KUGULIDWA

Pa Loweruka lirilonse mabwalo a fumbi a mu Kanyama, Matero, Chawama ndi George amadzaza ndi ana othamangitsa mpira. Pakati pao pamaima mnyamata kapena mtsikana wonyamula wenzulo, amene malipiro ace kawirikawiri sakwanira ngakhale kukwerera basi. Iye ndiye atukwanidwa ndi mbali zonse ziwiri, komabe mpira wa dziko la Zambia umayambira m'manja mwace.

Ncomvetsa cisoni kuti ena mwa oimbira ndi aphunzitsi a matimu a ana ayamba kupeputsa udindo umenewu. Amafika pabwalo dzuwa litapendeka, ena akununkha kacasu. Ena amalandira tindalama m'thumba kuti wenzulo ulire mokomera timu ya mwini golosale. Coipitsitsa ndi cakuti amalola zimphona za ndevu kusewera m'timu ya ana a zaka 15, ndipo mwana weniweni wa msinkhuwo amatsala kunja akuonerera. Akadzudzulidwa amayankha kuti ndi masewera a ana cabe, ulemu adzauonetsa akadzaitanidwa ku Heroes Stadium. Anthu otere alibe cowaitanira kumeneko.

Janny Sikazwe anali mphunzitsi wa sukulu ku Kapiri Mposhi. Mu December 2016 anaimbira masewera otsiriza a matimu a dziko lonse ku Yokohama, pakati pa Real Madrid ndi Kashima Antlers. Mu February 2017 anaimbira otsiriza a cikho ca Africa ku Libreville, ndipo mu 2018 ku Russia anakhala mZambia woyamba kuimbira pa World Cup ya amuna. Mu January 2022, ku Limbe m'dziko la Cameroon, iye anathetsa masewera a Tunisia ndi Mali nthawi isanakwane, osati kamodzi koma kawiri. Dziko lonse linamseka, ndipo pambuyo pace iye anafotokoza kuti kutentha ndiko kunamfooketsa. Komabe caka comweco FIFA inamtenga kukaimbira ku Qatar. Cimene cinamteteza ndi mbiri ya nchito yace ya zaka zambiri. Kodi woimbira wa ku Kalingalinga amene anagulidwa ndi botolo la mowa adzatetezedwa ndi mbiri iti tsiku limene adzalakwa?

Atsikana naonso khomo lao ndi lotseguka. Pa 11 February 2024 ku Abidjan, Diana Chikotesha ananyamula mbendera pa masewera otsiriza a cikho ca Africa ca amuna, mkazi woyamba kutero.

Mlandu suli pa acinyamata okha ai. Eni matimu amene agula yunifomu yatsopano koma osalipira woimbira ndiwo amkankhira m'manja mwa opereka ziphuphu. Bungwe la FAZ liyenera kufikitsa maphunziro a oimbira m'makomboni mwenimwenimo ndi kusunga kaundula wa khalidwe la aliyense, kuti kukwezedwa kuzidzera m'kaundulamo osati mwa acibale.

Makolo a m'midzi naonso nkhaniyi iwakhudza, pakuti ambiri mwa ana osewera mu Mtendere ndi George ndi adzukulu ao ocokera ku Katete, Petauke ndi Chadiza. Potumiza mwana kwa amalume ace ku Lusaka, ampatse kalata yoona ya kubadwa kwace, ndipo akane mphunzitsi aliyense wofuna kumcepetsera zaka.