Fumbi la Mgodi M'mapapo: Chithandizo Chimatsata Mapepala

Golide wakhala akukumbidwa ku Penhalonga, kumpoto kwa mzinda wa Mutare, kuyambira m'zaka za m'ma 1890. Ambiri mwa anthu amene ankalowa pansi m'migodi ya Rezende ndi Redwing anali ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, ndipo ana ndi zidzukulu zawo akadali m'makomboni a komweko ngakhalenso ku Sakubva ndi Dangamvura. Ena mwa mabanja amenewa akusamala bambo amene amapuma mobanika akangoyenda pang'ono, sangathenso kugwira khasu, ndipo chifuwa chake sichimva mankhwala. Kawirikawiri gwero lake ndi fumbi la mwala limene anapuma kalekale pantchito.

Matendawa madokotala amawatcha silikosisi. Pobowola kapena kuphwanya mwala pamatuluka fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limakakhazikika m'mapapo ndi kusiyamo zipsera. Zipserazo sizipola, ndipo zimatha kukulirakulira ngakhale munthu atasiya ntchito. Nthawi zambiri zizindikiro zimaoneka patapita zaka 10 kapena 20. Munthu wa silikosisi amagwidwanso msanga ndi chifuwa chachikulu cha TB, pafupifupi katatu kuposa anzake. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: amamwa mankhwala a TB kwa miyezi isanu ndi umodzi, TB n'kutha, koma kubanika osatha. Kenaka pabanja amayamba kuganizirana za ufiti, chikhalirecho pali khomo la chithandizo limene sanagogodepo.

Makomo atatu

M'dziko la Zimbabwe, bungwe loona za nkhaniyi ndi National Social Security Authority, lodziwika kuti NSSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1989 ndipo lili ndi ofesi ku Mutare.

Khomo loyamba ndi la chipukuta misozi cha wovulala kapena wodwala chifukwa cha ntchito. Ndalama za thumba limeneli amasonkha ndi olemba anthu ntchito okha. Lamulo la Pneumoconiosis Act limati munthu wogwira ntchito ya fumbi ajambulidwe m'chifuwa asanayambe ntchito, azijambulidwanso nthawi ndi nthawi, ndipo akhale ndi chiphaso chosonyeza kuti mapapo ake ali bwino. Madokotala a Medical Bureau ya NSSA ndiwo amawerenga zithunzizo ndi kutsimikiza ngati matendawo ali a fumbi.

Khomo lachiwiri ndi penshoni ya munthu amene sangathenso kugwira ntchito chifukwa cha matenda. Iyi ili pansi pa ndondomeko ya penshoni imene inayamba mu Okutobala 1994. Wopempha ayenera kukhala wosakwana zaka 60, wosonkhapo kwa miyezi 12 kapena kuposa, ndipo dokotala atsimikize kuti sadzathanso kugwira ntchito. Amene anasonkha miyezi yoyambira isanu ndi umodzi koma osafika 12 amalandira ndalama kamodzi kokha.

Khomo lachitatu ndi la amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela kapena Theba. Mu Julaye 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni pakati pa makampani asanu ndi limodzi a golide ndi oimira anthu amene anadwala silikosisi ndi TB. Ndalamazi zimaperekedwa ndi Tshiamiso Trust kwa amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019. Ngati mwini wake anamwalira ndi matendawa, mkazi ndi ana ake angathe kupempha. Kulembetsa n'kwaulere, aliyense wofuna ndalama kuti “athamangitse mapepala” ndi wakuba.

Pamene pempho limagwera

Makomo onsewa amafuna zinthu zitatu: umboni wa kuti wopemphayo ndani, umboni wa kumene anagwira ntchito, ndi umboni wa dokotala. Kutsokomola pamaso pa kalaliki si umboni.

Kwa mabanja ochokera ku Malawi, chitupa ndicho chimayamba kuvuta. Dzina la pa chitupa limatha kusiyana ndi la m'buku la kumgodi, chifukwa kalaliki wa nthawiyo analemba zimene khutu lake linamva, kapena mnyamata analembetsa ntchito ndi dzina la malume ake. Kusiyana kotereku kuyenera kukonzedwa ndi kalata yolumbira pempho lisanapite. Ndi bwinonso kudziwa kuti ndime 43 ya malamulo oyendetsera dziko a 2013 imati munthu wobadwira m'Zimbabwe chisanafike chakacho, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa.

Pa umboni wa ntchito, kapepala kalikonse n'kofunika: ka malipiro, nambala ya NSSA, khadi la ku Wenela, chiphaso cha mapapo, kalata yosiyira ntchito. Migodi imatsekedwa, eni ake amasintha, mabuku amasowa. Chimene chili m'sutikesi ya kunyumba ndicho chimatsala.

Kuchipatala, wodwala anene yekha kuti anagwirapo ntchito mumgodi, zaka zingati, ndiponso ntchito yanji. Pa chithunzi cha m'chifuwa silikosisi ndi TB zimafanana, ndipo dokotala wosauzidwa mbiri ya fumbi angalembe TB yokha. Chipatala chachikulu cha Victoria Chitepo ndicho chimalandira odwala otumizidwa kuchokera kuzipatala zing'onozing'ono za m'chigawo cha Manicaland. Kalata iliyonse ijambulidwe, yeniyeniyo itsale kunyumba ngati ofesi ilola.

Amene ali kunja kwa mpanda

Lero ambiri okumba golide ku Penhalonga ndi makorokoza, anyamata odzilemba okha ntchito. Dziko linawakumbukira mu Januwale 2024 pamene anthu 15 anatsekeredwa pansi ku Redwing n'kutuluka amoyo, koma fumbi limapha popanda phokoso. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2021 anapima okumba otere 514 m'zigawo za Midlands ndi Matabeleland South, ndipo anapeza silikosisi mwa anthu 11 pa 100 alionse. Popeza alibe bwana wowasonkhera, thumba la chipukuta misozi siliwafikira. Chowatsalira ndi ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, imene imapereka kalata ya AMTO yothandiza osauka kulandira chithandizo m'zipatala za boma, komanso mankhwala a TB amene ndi aulere. Kwa iwo chitetezo chenicheni ndi kubowola mwala ndi madzi kuti fumbi lisauluke; kansalu kapamphuno sikatchinga fumbi losalalali.

Ntchito ya mlangizi wa m'dera ili pamenepa: kufunsa mbiri ya ntchito kwa aliyense wa chifuwa chosatha, kuthandiza banja kusonkhanitsa mapepala wodwala akadali ndi mphamvu zoyankha mafunso, ndi kumuperekeza ku ofesi. Pempho la mkazi wamasiye limavuta kuposa la mwini wake, makamaka ngati kalata ya imfa sinatchule mapapo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Banja limene likusunga munthu wobanika lipite ku NSSA likafunse mwezi uno.