Za nthochi ndi amayi apakati



Mwezi uno tifuna kucheza nanu za chipatso chimene chili m'madimba ndi m'zigwa zathu kuno kwa Kasakula, m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, ndicho nthochi. Tonse tidziwa kuti mkoko wauwisi ukadulidwa ndi kuvundikidwa, pakapita masiku owerengeka ukhala wofewa ndi wozuna. Koma ndani mwa ife adafunsapo kumene kuchokera kuzunako, popeza palibe wathiramo shuga?

Amayi ophika thobwa ali nalo kale yankho m'manja mwao. Pamene athira chimera m'phala, phalalo lisungunuka nilitsekemera, pakuti m'chimera muli antchito osaoneka, amene anthu ophunzira awatcha ma enzyme, ndipo iwo aphwanya ufa nausandutsa shuga. Mlengi adaika antchito a mtundu womwewo m'nthochi. Yaiwisi ili ndi ufa wokwana ngati magawo 20 mwa magawo 100 a kulemera kwake, koma ikapsetsa patsala gawo 1 kapena 2 okha.

Tisanyoze nthochi imene siinapsetse. Ufa wake wina sugayika m'mimba, koma utsikira m'matumbo, kumene udyetsa tizilombo tabwino tokhala m'menemo. Inde, si tizilombo tonse tidzetsa nthenda; tina tithandiza mimba, ndipo tina mwa ito tipanganso pang'ono vitamini yotchedwa folate.

Apa ndipo pagona nkhani yathu. M'chaka cha 1931 dokotala wamkazi wa ku England, Lucy Wills, pogwira ntchito ku Bombay m'dziko la India, adaona kuti amayi apakati ochepa magazi anali kuchira akadya chakudya chopangidwa ndi yisiti. M'chaka cha 1941 akatswiri adachipatula chinthu chochiritsacho m'masamba a sipinachi, nachitcha dzina lochokera ku liwu la Chilatini lakuti folium, ndilo tsamba. Zomera zidzipangira folate ndi ma enzyme aoao, koma thupi la munthu silitha. Liyenera kumlandira m'zakudya. Akasowa, magazi achepa, ndipo mwana angathe kubadwa ndi msana wosatsekeka, pakuti njira ya msana ndi ubongo itsekeka m'masiku 28 oyamba, pamene mai sanazindikire n'komwe kuti waima.

Tsono mverani bwino, kuti tisanamizane. M'nthochi muli folate, koma wochepa: magalamu 100 ali ndi ngati mamaikulogalamu 20, pamene mbulu umodzi woyenera mai wapakati tsiku lililonse uli ndi 400. Kuti nthochi zokha zifike pamenepo, afunika kudya ngati makilogalamu 2 pa tsiku. Ndani angathe? Mutu umodzi susenza denga. Nthochi ifuna anzake, ndiwo nyemba, khobwe, nandolo, mtedza, bonongwe, nkhwani ndi mpiru. Masambawo asaphikidwe nthawi yaitali, ndipo msuzi wake usatayidwe, chifukwa folate aonongeka ndi moto, wina natsalira m'madzi.

Inu abambo, mau awa ndi anu makamaka. Si bwino kusenza mikoko yonse ndi nyemba zonse kupita nazo kumsika, mkazi ndi ana natsala ndi nsima ya mchere. Patulani gawo la panyumba musanawerenge la malonda. Ndipo mkazi wanu akangoganiza kuti waima, mperekezeni kusikelo msanga, osadikira kuti pakati paoneke, akalandire mankhwala oonjezera magazi. Mumkumbutsenso kumwa tsiku ndi tsiku. Inu atsikana amene maina anu alengezedwa m'tchalitchi kuti mumanga ukwati, yambani tsopano lino kudya masamba ndi nyemba mokwanira, ndipo kafunseni kuchipatala za folate musanaime.

Mwana ndi mphatso ya Mulungu, koma Mulungu adaiika mphatsoyo m'manja mwathu kuti tiisamale isanaoneke ndi maso. Amai Maria Woyera apempherere amayi onse apakati a m'midzi mwathu.

Ndife mtumiki wanu,
Mphunzitsi wa Katekisimu