Masiku a ntchito akachepa, penshoni nayo imachepa

HARARE – M'mafamu a fodya ndi chimanga a ku Mashonaland, kumene antchito ambiri ndi ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, kuchepa kwa masiku ogwira ntchito kumapweteka kawiri: pa malipiro a lero ndi pa penshoni ya paukalamba.

Lamulo la zantchito ku Zimbabwe limalola olemba ntchito, atagwirizana ndi antchito awo, kuchepetsa maola kwa miyezi yosapitirira 12 pofuna kupewa kuchotsa anthu, malinga wantchito azilandira zosachepera theka la malipiro ake. Koma msonkho wa penshoni umene umapita ku bungwe la boma la NSSA, lomwe linayamba kuutolera mu 1994, umawerengedwa potengera malipirowo. Malipiro akatsika, nawonso umatsika.

Chopweteka kwambiri ndi chiwerengero cha miyezi. Kuti munthu azilandira penshoni mwezi ndi mwezi ayenera kusonkha miyezi 120. Wolephera kufika pamenepo amangopatsidwa ndalama kamodzi. Kuyambira mu 2000, pamene mafamu a azungu anayamba kulandidwa, antchito ambiri okhazikika anasanduka aganyu a nyengo yodzala ndi yokolola, ndipo miyezi imene sanasonkhe sinawerengedwe. Amene anakwanitsa nawonso anaona penshoni yawo ikutha mphamvu mitengo itakwera mosaneneka mu 2008.

Motero pamene bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ likambirana za malipiro, kulembetsa aganyu ku NSSA ndi nkhani yosayenera kutsalira.