Achinyamata a ku Tsangano aphunzitsidwe za tirigu, osati nyimbo za chipani

Ndinali ku Tsangano m'boma la Ntcheu m'nyengo yachisanu, ndipo mayi ena anandilowetsa m'munda mwawo mwa tirigu. Tikuyenda anathyola tsamba lopiringizika nalitambasula. M'kati mwake munali nsabwe zobiriwira zitaunjikana. Nditawafunsa kuti adawauza ndani za mankhwala ake, anandionetsa kabotolo kopanda dzina komwe adagula pamsika. Kumsewu, kumunsi kwa mundawo, anyamata asanu a kabaza anali atatsamira njinga zawo kudikira wokwera.

Nsabwezi zimayamwa madzi a m'masamba. Tsamba limachita chikasu, ngala imatuluka yopepuka, ndipo zina zimafalitsa matenda kuchoka pa phesi lino kupita pa linzake. Tirigu wa ku Tsangano amafesedwa mvula ikamapita kumapeto, nakula ndi chinyezi chotsala m'nthaka ndi nkhungu ya m'mapiri. Ndiye kuti nthawi imene akukula kulibe mvula yamphamvu yoti n'kukokolola nsabwe. Kulimbana nazo kumayamba ndi maso. Pamafunika munthu woyendera munda sabata ndi sabata, wowerenga mapesi ogwidwa, wodziwa kuti tizilombo tofiira ta madontho akuda tija timadya nsabwe ndipo sitiyenera kuphedwa, wodziwanso mlingo wa mankhwala ndi tsiku loyenera kupopera. Mtsikana kapena mnyamata amene adalekezera Fomu 2 angathe kuphunzira zimenezi m'masabata ochepa. Tisaiwale za ntchembere zandonda: alimi ambiri adazizindikira chimanga chitadyeka kale, mpaka mu December 2017 boma lidalengeza za ngozi m'maboma 20.

Nanga bwanji anyamata aja ali pamsewu pamene munda ukudyedwa? Yankho lili m'mene dziko lino lakhala likuchitira ndi achinyamata ake.

Gulu la Apayoniya lidakhazikitsidwa mu 1963, ndipo tinene zoona, kumabesi awo ankaphunzitsa ulimi, ukalipentala ndi zomangamanga. Koma gulu lomwelo lidasanduka chikwapu cha chipani chimodzi. Amene tidakhalako masiku amenewo tikukumbuka kubwezedwa pachipata cha msika chifukwa chosowa khadi. Pamene asilikali adawalanda zida mu December 1993, pa Operation Bwezani, ine sindidalire, ndipo sindilira lero. Cholakwika n'chakuti titalowa m'matipate palibe adafunsa kuti tsopano wophunzitsa achinyamata ntchito zamanja akhala ndani.

M'malo mwa maphunziro kudabwera ngongole. Mu 2010 kudadza thumba la YEDEF, ndipo madandaulo adali ponseponse akuti odziwika kuchipani ndiwo ankatsogola pa mndandanda, ndi kuti ndalama zambiri sizidabwezedwe. Mu 2022 boma la nthawiyo lidakhazikitsa National Youth Service ku Neno, boma loyandikana ndi Ntcheu. Maina amasintha, koma chipani chilichonse chikalowa m'boma chimafuna achinyamata ovina pamsonkhano, odzipaka utoto ndi kukuwiza otsutsa. Mnyamata wopatsidwa malaya ndi ndalama ya tsiku limodzi amabwerera pa njinga yake m'mawa mwake.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Khonsolo ya Ntcheu ndi a zaulimi asankhe achinyamata m'midzi yolima tirigu, atsikana akhalemo, awaphunzitse kuyendera minda ndi kupopera mosamala, awapatse mipope ndi zovala zodzitetezera. Maina achokere kumakalabu a alimi ndi kwa mafumu, awerengedwe poyera, amatidwe pakhomo la ofesi. Phungu asalembe dzina ngakhale limodzi, kaya ndi wa chipani chiti. Mlangizi mmodzi sangafike m'munda uliwonse m'mapiri amenewa, koma achinyamata ophunzitsidwa angathe kumuuza msanga kumene kwabuka nsabwe, ndipo alimi angathe kuwalipira kangachepe pa munda uliwonse umene apopera.

Wina anena kuti tirigu ndi mbewu yaing'ono poyerekeza ndi chimanga kapena mbatata ya kachewere imene yadzaza misika ya Tsangano ndi Lizulu. N'zoona. Komatu pafupifupi tirigu yense amene timaphikira buledi ndi mandasi timagula kunja ndi ndalama zakunja zimene tilibe, ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 tidaona mtengo wa buledi ukuthamanga. Malo ozizira ngati Tsangano, Neno ndi Dedza si ambiri m'dziko muno. (Za msika wodalirika wa tirigu ndi za msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza ndidzalemba tsiku lina.)

Makhansala a ku Ntcheu akamakambirana ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa, aikemo ndalama ya maphunziro amenewa, ndipo ayambike mvula isanathe, alimi asanafese tirigu.