Ubweya suthamangitsa anyani

Abale a m'tauni, lero nkhani ndi yanu. Galu wanga waswa ana asanu kuno ku Bolero, onse bere limodzi. Awiri ndi akuda pamsana, miyendo yofiirira ngati German Shepherd. Msuweni wanga wa ku Mzuzu atangoona chithunzi pa WhatsApp anaimba pompo, akuti awiriwo ndimusungire, alipira mtengo wowirikiza. Atatu otuwawo ayi, akuti ndi agalu akumudzi. Nanga awiriwa anabadwira ku London?

Ndalamayo ndilandira, sindinganame, feteleza wadula. Koma dziwani kuti mukugula mtundu wa ubweya basi. Ife oyandikana ndi Vwaza galu timamudziwa nthawi ya mondokwa, anyani akalowa m'munda. Make wa tianati ndi wotuwa ngati phulusa, koma chaka chatha chimanga changa anachilondera yekha.

Chikundiwawa n'chakuti mpaka lero palibe wandifunsa za katemera wa chiwewe. Chonsecho galuyo azikasewera ndi ana anu pakhonde. Yambani mwafunsa zimenezo.

Kotuwa kamakani kaja musavutike n'kuimba, sikakugulitsidwa.